Mu gemu mtunda ulibe mwini

Akonzi, ndipatseni danga ndikambeko za masewera a pa kompyuta, nkhani imene siionekaoneka pa tsamba lino. Ndikudziwa kuti ena anena kuti mphunzitsiyu wasowa chochita pa holide. Koma pali mtundu wina wa masewerawa umene ukutikhudza ife a kuno kummwera, ngakhale kuti anaupangira kutali ku Ulaya. M'masewera amenewa dziko lonse lamira. Mizinda yatsala madenga ndi nsonga za nyumba zosanja, boma kulibe, magetsi kulibe, ndipo wosewerayo amapatsidwa kagulu ka anthu opulumuka kuti awapezere pokhala ndi kuwamangira mudzi watsopano. Anzathu a ku Ulaya amasewera zimenezi ngati nthano ya zam'tsogolo. Ife amene tinauona mwezi wa Malichi 2023 sitingazitenge ngati nthano.

Achinyamata amangoti magemu. Ambirife tikamva dzina limeneli timaganiza za tizipinda ta m'misika, ngati pa Chinamwali pano, momwe anyamata amalipira kuti amenye mpira wa pa PlayStation mpaka dzuwa kulowa. Amene ndikunenawa ndi ena. Mulibe zigoli, ndipo sakhala a chiwawa kwenikweni. Ntchito yake ndi kuwerengera: anthu alipo angati, madzi akumwa atsala angati, matabwa akwana nyumba zingati, ndani apite kukasodza, ndani atsale kudwazika odwala. Munthu amakhala ngati mfumu, DC ndi kalaliki wa nkhokwe pa nthawi imodzi. Tikanena zoona, lingaliro lake si lachilendo kwa ife. Tili ana tinkasewera masanje, kumanga tinyumba ta mapesi ndi kugawana maudindo, ndipo mvula ikagwa tinkatseka ngalande ndi dothi kuti tione damu lathu lilimba mpaka liti. Kusiyana kwake n'koti pa kompyuta makina amasunga chiwerengero chilichonse, ndipo ukalakwitsa anthu ako amafa.

Gemu imene ndinakhala nayo nthawi yaitali ndi Floodland, yomwe inatuluka mu Novembala 2022, yopangidwa ndi kampani ya Vile Monarch ya ku Warsaw m'dziko la Poland. Ndinaipeza pa laputopu ya mphwanga amene amaphunzira pa yunivesite kuno ku Zomba ndipo amagona kwathu ku Chinamwali. Nkhani yake ndi yoti kusintha kwa nyengo kunakweza nyanja, dziko lakale linatha, ndipo otsala amakhala m'tizilumba ta madambo. Umayamba ndi anthu ochepa ndi matenti. Amatola zinyalala ndi mapulasitiki, kuthyola zipatso za kutchire, kusodza, kugumula mabwinja kuti apeze zipangizo. Pang'onopang'ono umatumiza ena kukazonda malo amene pa mapu abisika ndi nkhungu, umapeza opulumuka ena, mudzi n'kumakula. Ikafika nthawi umayamba kukhazikitsa malamulo. Ilipo inanso yotchedwa Flotsam, ya kampani ya Pajama Llama Games ya ku Belgium, imene anthu anayamba kuisewera mu 2019. M'menemo mtunda womangapo mudzi mulibe. Mudzi wonse umayandama, womangidwa ndi mapulasitiki ndi mitengo yotengedwa ndi madzi. Ina ndi Raft ya ku Sweden, momwe munthu amayamba ali pa kaphaka kakang'ono pakati pa nyanja, n'kumakoka zinyalala ndi mbedza uku shaki ikuluma matabwa ake. Amene munaonerapo filimu ya Waterworld ya 1995 m'mavidiyo sho mwalizindikira kale dziko limeneli.

Chimene chinandigwira mtima poyamba ndi chakuti opanga masewerawa anamvetsa bwino chinthu chimodzi: pamene madzi asefukira, chimene chimasowa msanga ndi madzi akumwa. Mu Flotsam anthu ako azunguliridwa ndi nyanja mbali zonse koma akhoza kufa ndi ludzu ukapanda kuwakonzera chosungunulira madzi amchere. Wosewera watsopano amathamangira kumanga nyumba zokongola, kenaka amadabwa kuona anthu akudwala. Wachiwiri amaphunzira kuti choyamba ndi madzi, chachiwiri chakudya, pogona pambuyo.

Izi ndinaziona ndi maso. Sukulu imene ndimaphunzitsa ili kumidzi, kumunsi cha ku chigwa cha nyanja ya Chilwa, ndipo namondwe wa Freddy atawomba, makalasi athu anasanduka msasa monga zinachitikira m'sukulu zambiri za kummwera. Boma linalengeza pa 13 Malichi kuti chigawochi chagweredwa ngozi, maphunziro anaimitsidwa, ndipo anthu oposa 650,000 anasowa pokhala. Anthu amabwera ndi mphasa, mapoto, nkhuku, ena ndi zovala za m'thupi zokha. Tsiku loyamba aliyense amangothokoza kuti wapeza denga la malata. Pofika tsiku lachitatu nkhani yonse imakhala ya mjigo ndi zimbudzi.

Mabungwe othandiza pa ngozi ali ndi muyezo umene amautsatira, wotchedwa Sphere. Umati munthu mmodzi asachepekedwe malita 15 a madzi pa tsiku, akumwa, ophikira ndi osamba, ndiponso chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20 zinthu zikakhazikika. Tiyerekeze kuti pa sukulu pasonkhana anthu 400. Ndiye kuti pakufunika malita 6,000 tsiku lililonse, kapena kuti zigubu 300 za malita 20, ndi zimbudzi 20. Mjigo umodzi kuno kwathu amauwerengera anthu 250. Ndi sukulu zingati za m'midzi zimene zili ndi zimbudzi 20 zolimba, zoti mvula ya masiku anayi siingazigwetse? Kumbukiraninso kuti Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, utangodutsa namondwe wa Ana, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Masamu amene mwana wa ku Poland amachita pa kompyuta kuti asangalale ndi omwewo amene komiti ya pa msasa imachita usiku ndi tochi ya pa foni, kope la sukulu lili pa bondo.

Chinanso chimene Floodland inachigwira bwino ndi mikangano. Anthu ako sakhala gulu limodzi. Amakhala m'mafuko osiyana maganizo: ena amafuna kubwezeretsa dziko lakale ndi makina ake, ena amati dziko lakalelo ndi limene linatimiza, ena amafuna ulamuliro wolimba, ena amafuna ufulu. Lamulo lililonse limene wakhazikitsa limakondweretsa ena n'kukwiyitsa ena, ndipo okwiyawo amayamba kung'ung'udza, kuba, ngakhale kukana ntchito. Mudzi ukhoza kupasuka nkhokwe zili zodzaza. Aliyense amene anakhalapo pa msasa akudziwa kuti ndewu yaikulu siikhala ya ufa weniweniwo ayi, imakhala ya kaundula. Dzina la ndani lalembedwa, la ndani lasiyidwa? Amene nyumba yake inagwa koma akugona kwa mchemwali wake, kodi ndi wokhudzidwa? Nanga wa mudzi wa mfumu ina amene anathawira kuno chifukwa ndiko kunali pafupi? Mitala iwerengedwe banja limodzi kapena awiri? Ndinaona azibambo aulemu wawo akulozana zala chifukwa cha ndowa ya pulasitiki. Sindiwaweruza. Munthu amene wataya zonse, ndowa imeneyo ndiye chuma chake choyamba.

Pamene ndinkaona mudzi woyandama wa mu Flotsam ndinaseka, chifukwa ife tili nawo kale. Pa nyanja ya Chilwa asodzi amamanga zimbowera, tinyumba toyandama pa udzu ndi mabango a m'madzi, ndipo amakhala m'menemo masabata kapena miyezi osaponda mtunda, akusodza matemba, makumba ndi milamba. Amaphikira pomwepo, kugona pomwepo, ogula ndi ogulitsa amawapeza pa bwato kuchokera ku madoko ngati Kachulu. Palibe injiniya amene anawajambulira pulani. Ndi nzeru ya anthu amene aidziwa nyanja yawo, nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imene imati ikafuna n'kuphwa ngati mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, kenaka n'kudzazanso mpaka kulowa m'minda. Amene akufuna kudziwa mmene munthu angakhalire pa dziko lomira asavutike ndi kompyuta, akwere galimoto ya ku Kachulu.

Koma akafika aone zonse. Pa chimbowera madzi akumwa ndi a m'nyanja, chimbudzi ndi m'nyanja momwemo. N'chifukwa chake kolera ikabuka m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, maso a azaumoyo amathamangira kunyanja. Mu 2016 panachitika katemera wa kolera wa asodzi a pa Chilwa, ndipo poona kuti anthuwa n'kovuta kuwapeza kawiri, ena anapatsidwa mlingo wachiwiri kuti akamwe okha pa zimbowera zawo. Mu gemu mudzi woyandama umawala ndi utoto wokongola, mbalame zikuuluka. Fungo silimveka pa laputopu, ngakhale kulira kwa udzudzu.

Tsono ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Pali zinthu ziwiri zimene masewerawa sazidziwa za kusefukira kwathu, ndipo chachiwiricho ndicho chikutipweteka mpaka lero.

Choyamba ndi khalidwe la madziwo. Mu Floodland madzi anabwera kalekale, anakhazikika, ali phee. Ngozi inatha, chatsala ndi kumanga. Madzi athu a ku Zomba sachokera kunyanja kukwera pang'onopang'ono. Amachokera kumwamba, kuphiri, usiku, atanyamula miyala yaikulu ngati nyumba, mitengo ndi matope. Makolo anachitcha Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimati chikamasamuka kupita kunyanja chimasesa zonse za m'njira yake. Mu Disembala 1946, Zomba ali likulu la Nyasaland, mvula inagwa masiku otsatizana, phiri linagumuka, milatho inakokoloka, anthu anafa. Abale a kwa Paseli anaimba nyimbo ya Napolo, ndipo malemu Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa pa Chancellor College, anatcha buku lake la ndakatulo la 1987 dzina lomwelo. Mu Malichi 1991 zinachitikanso ku Phalombe kuchokera m'phiri la Michesi, anthu mazanamazana anapita, ndipo chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo lake loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu 2023 linali phiri la Soche pamwamba pa Chilobwe, mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu, ndi dera la Nkhulambe ku Phalombe. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Gemu yoona za kuno ikanayenera kukhala yoti ukamaliza kumanga, madzi amabweranso: 2015, 2019, 2022, 2023.

Ndikaima pakhomo pathu ku Chinamwali n'kuyang'ana kumtunda, ndimaona nyumba zikukwerakwera chaka ndi chaka, pamalo pamene tili ana panali mitengo. Ena akuumba njerwa pomwepo, ena akuswa miyala, ndipo ngalande imene inali yoti mwana n'kuidumpha lero ndi chigwembe. Phiri lomweli ndi limene limatimwetsa, pakuti madzi a m'mipopi ya mu mzinda amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mu mzinda wa Zomba, ndipo onsewa akufuna pogona pakati pa phiri ndi mtsinje wa Likangala. Kumtunda kuli miyala, kumunsi kuli madzi.

Apa ndi pamene pali chachiwiri chija. Mu gemu mtunda ulibe mwini. Azondi ako akapeza chilumba chabwino, chokwera, cha mitengo, umangodina batani, anthu n'kusamuka. Palibe amene amatulukira kudzanena kuti pano ndi pa munda wa agogo anga. Palibe mfumu yoti uipemphe, palibe malire, palibe manda. Eni ake onse anamira kalekale, ndipo ndi imfa yawoyo imene imachititsa kuti gemuyo ikome, chifukwa wosewera amalandira dziko lopanda mlandu. Mwina n'chifukwa chake masewera otere amakondedwa: munthu wotopa ndi lendi, ngongole ndi mizere ya m'maofesi amalakalaka kuyambiranso pa mapu oyera.

Ife mapu oyera tilibe. Madzi akaphwa, aliyense amene wapulumuka amapulumuka ndi malire ake. Munthu wa ku tauni amafunsa kuti, bwanji anthu amenewa sasamukira kumtunda? Funso limeneli ndalimva m'minibasi, m'sitafu, ngakhale pa wailesi, ndipo nthawi zambiri limafunsidwa mokhala ngati anthuwo ndi osamva. Koma kumtundako ndi kwa ndani? Kuno kwathu malo ambiri amatsata mbumba, amadutsa kwa amayi kupita kwa ana aakazi, ndipo mwamuna ali pa chikamwini sanganyamule banja kukalikhazika pa dothi la eni popanda kukambirana kwautali. Kamunda kalikonse ka pamtunda kali ndi ana asanu amene akukayembekezera. Ku Chinamwali amene akumanga m'mbali mwa phiri kapena m'mphepete mwa khwawa sikuti sadziwa za Napolo. Akudziwa bwino. Puloti ya pamalo abwino mtengo wake sangaufike, ndiye amagula pamene ndalama yawo yathera.

Ku Nsanje nkhaniyi ndi yakale. Anthu a kwa Nyachikadza, amene amakhala m'dambo la Ndindi, akhala akuuzidwa kwa zaka zambiri kuti asamuke, ndipo ambiri akhala akukana. Zifukwa zawo si zopusa. Madzi omwewo amene amagwetsa nyumba amasiya nthaka ya chonde, moti m'chilimwe amakolola chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza pamene a kumtunda akulira njala. Komanso mfumu ikasamukira pa dziko la mfumu inzake imasanduka mlendo, anthu ake n'kukhala obwera. Ku Makhanga, kumene mtsinje wa Ruo unasintha njira mu 2015, nkhani ya kusamuka yatenga zaka. Ena amapita kumalo atsopano, n'kumabwerera kumunsi kukalima. Mu gemu munthu wotere angaoneke ngati makina alakwitsa. Pamoyo weniweni iyeyo ndi amene wawerengera bwino: ngozi ya madzi imabwera mwa apo ndi apo, njala imabwera chaka chilichonse.

Dziko lino linayesapo kusamutsa anthu mwadongosolo. Pakati pa 2004 ndi 2011 panali ntchito ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, imene inathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kugula minda ya maesiteti ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena. Banja linkapeza pafupifupi mahekitala awiri. Imeneyo ndiyo gemu yomanga mudzi imene Amalawi anaisewera ndi miyoyo yawo. Ambiri anakolola kuposa kale. Koma ena anafika kumalo kopanda mjigo pafupi, sukulu ndi chipatala zili kutali, oyandikana nawo akuwaona ngati olanda, ndipo alipo amene anabwerera kwawo. Taonani kuti ngakhale pamenepo malowo anachita kugulidwa ndi ndalama za kunja. Mu 2023, Freddy atangodutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi kulowa m'malo mwa la 1991 lija. Ndi chinthu chabwino. Koma lamulo likhoza kunena kuti pano musamangepo. Funso loti nanga timange pati limafuna hekitala yeniyeni, yogulidwa, yoyezedwa, yokhala ndi madzi, ndi mfumu ya kumeneko itavomera. Pamenepa ndi pamene ndikufuna kumva aphungu athu ndi makhansala akutchula manambala: malo angati apezeka, ali kuti, mabanja angati alowapo.

Pali kanthu kenanso kamene kanandisowetsa mtendere ndikusewera. Wosewera amaona mudzi wake kuchokera kumwamba, monga mmene mlendo amaonera Zomba ataima pa Ku Chawe: madenga ang'onoang'ono, anthu ngati nyerere, nyanja ya Chilwa ikunyezimira patali. Kuchokera pamenepo chilichonse chimaoneka chophweka. Anthu khumi akafa, nambala ya pakona imatsika, basi. Zikafika poipa kwambiri umabwerera pamene unasungira gemu dzulo n'kuyambiranso. Ndimaopa kuti ena mwa amene amatikonzera mapulani amationa chomwecho. Lipoti la boma ndi mabungwe linati Freddy anawononga katundu ndi chuma cha ndalama pafupifupi madola 500 miliyoni a ku America, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, ananena kuti omwalira anaposa 1,000. Manambala amenewa ndi ofunika, popanda iwo thandizo silibwera. Koma mphunzitsi amawaona mwanjira ina. Amawaona pa rejisitala, pamene aitana dzina kawiri, katatu, kalasi ili chete.

Gemu ina ya ku Poland komweko, Frostpunk ya kampani ya 11 bit studios, yomwe inatuluka mu 2018, imakamba za dziko lozizira osati lomira, koma ili ndi lamulo limodzi limene linandikumbutsa kwathu. Wosewera amafunsidwa kuti asankhe: ana azigwira ntchito kuti mzinda upulumuke, kapena awamangire malo owasungira. Anthu amati ndi chisankho chowawa, ndipo amakangana za icho. Kuno chisankho chimenecho palibe amene amachisainira, chimangochitika. Sukulu zitatsegulidwa pambuyo pa Freddy, ena mwa anyamata anga a Fomu 2 ndi Fomu 3 anali kunyanja kukoka makoka, ena ali pa kabaza. Atsikana ena anapita kukagwira ntchito za m'nyumba m'tauni, ena tinangomva kuti alowa m'banja. Makolo awo si ankhanza. Mbewu zinapita ndi madzi, nyumba ikufunika njerwa, ndipo fizi ya teremu sinadikire. Ena anabwerera patapita miyezi, ena mpaka lero.

Ndiye kodi ndikuti masewerawa ndi achabe? Ayi ndithu. Ndikanakonda ophunzira anga akanawasewera, chifukwa amaphunzitsa chinthu chimene ife timavutika kuchiphunzitsa ndi choko: kuti zinthu zimalumikizana, kuti ukadula mitengo yonse lero udzalira mawa, kuti kuchuluka kwa anthu popanda madzi okwanira ndi matenda. Vuto ndi loti amafuna kompyuta yamphamvu, intaneti yoti ukopere, khadi la ku banki logulira, ndi magetsi okhazikika. Zoseketsa zake n'zoti pamene Floodland inkatuluka, dziko lino linali mu mdima wa kuzimazima kwa magetsi chifukwa namondwe wa Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130. Gemu ya madzi osefukira sitikanatha kuisewera bwino chifukwa cha madzi osefukira.

Achinyamata amene akuphunzira za makompyuta pa UNIMA kuno ku Zomba, pa MUST ku Thyolo ndi pa MUBAS ku Blantyre, bwanji osatipangira yathu, yoti izitheka pa foni wamba? Isayambe madzi atabwera kale. Iyambe mu Okutobala, kumwamba kuli mbee, wosewera ali ndi ndalama zochepa ndipo ayenera kusankha pakati pa feteleza, simenti ya maziko ndi fizi. Pa mapu pakhale manda, dimba, malo a esiteti otchingidwa ndi waya, ndi mfumu ziwiri zosamvana malire. Uthenga wa a zanyengo uzifika, koma wosewera aziganiza yekha ngati angasiye mbuzi ndi chimanga chake usiku chifukwa cha uthenga wa pa foni. Batani lobwerera dzulo lisakhalepo.

Poti laputopu ndi ya mwini ndipo kusukulu kwathu kulibe yoti ingakwanitse, teremu yathayi ndinayesa ndi zimene tili nazo. Pa phunziro la jogalafe ndinajambula mapu a dera lathu pa mapepala aakulu: mtsinje, dambo, kaphiri, msewu, sukulu, mjigo. Ndinagawa kalasi m'magulu, gulu lililonse ndi nyemba 60 zoimira mabanja ndi zitsekerero za mabotolo zoimira mijigo ndi zimbudzi. Ndinawauza kuti mudzi wa kudambo wakokoloka, apeze pokhazika anthuwo. Ndinkayembekezera kuti pakatha mphindi khumi nyemba zonse zikhala zili pa kaphiri, tikambirane za madzi ndi zimbudzi.

Gulu limodzi lokha ndi limene linatero, ndipo linali la ana obwera, a ogwira ntchito za boma. Magulu enawo anakangana mpaka belu. Mnyamata wina anati pa kaphiripo sipangakhale anthu chifukwa kuseri kwake kuli manda, ndipo anatenga pensulo n'kuwajambula, poti ine sindinawaike. Wina anawonjeza munda wa fodya wa munthu wina wake. Mtsikana wina, amene kawirikawiri salankhula m'kalasi, anaphimba mbali ina ya mapu ndi dzanja lake.

"Aphunzitsi, apa musaikepo nyemba. Ndi pa amalume anga, ndipo sangalole."

Ndinamufunsa kuti nanga mabanja 60 aja apite kuti. Anayang'ana mapuwo kwa kanthawi, kenaka anatola nyembazo imodziimodzi n'kuzibwezera kudambo, koma anazisendeza pang'ono kufupi ndi msewu. Zitsekerero ziwiri anaziika pa sukulu, nati zimbudzi ziwonjezeredwe kumeneko chifukwa anthuwo adzabweranso.